Mabota a Ababa Pamwamba pa Kanema

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu pamene ndinatsala pang'ono kuwachotsetsa ntchito bambo anga asanaiyambe n'komwe. Tinkakhala ku Chimadzi, mumzinda wa Tete, m'nyumba ya malata otsika imene masana sunkalowamo pokhapokha utaiwala kanthu. Tinali titachoka ku Angónia chifukwa cha mbiri ya malasha a ku Moatize. Kumudzi anthu ankasimba ngati kuti ku Tete ntchito zimachita kukuthamangira, ndipo bambo anga, amene ankadziwa kuyendetsa magalimoto akuluakulu, anakhulupirira. Chaka chinatha, china n'kufika pakati, iwo akungolawirira m'mamawa kukaima pazipata za makampani ndi envulopu ya mapepala awo. Envulopuyo inachita kufewa ndi thukuta. Pakhomo tinkadya chifukwa cha mandasi amene amayi ankagulitsa pamsewu.

Ndisaname, za zipatazo zinkandikhudza pang'ono chabe. Mtima wanga unali pabaraka ya a Tiya Lurdes, mayi wonenepa wosakonda zolankhulalankhula, amene ankagulitsa zakumwa zozizira pafupi ndi kwathu. Kuseri kwa firiji yawo kunali benchi, kanema wakale wachimsana, ndi makina a masewera. Zogwirira zake, zimene tinkati makomandu, zinali ziwiri, zonse zomatamata ndi tepi wakuda. M'menemo munkanunkha thukuta la anyamata ndi waya wotentha, koma kwa ine linali fungo labwino kuposa la mandasi a amayi.

Masewera amene tinkawakonda anali omenyana. Aliyense ankasankha munthu wake wa pakanemapo, ndipo pamwamba pa munthu aliyense pankakhala kamzera kamene tinkati vida. Ukamenyedwa, vida inkachepa, ikatha munthu wako ankagwa osadzukanso. Wothetsa vida ya mnzake m'zigawo ziwiri ndiye wapambana. Wopambana ankakhalabe pabenchi, wogonja n'kupereka komandu kwa wina. Ine ndinali wogonja wodziwika. Anyamata a Chinyungwe ankanditcha Batata, poti kwathu n'kumene kumachokera mbatata ya kachewere, ndipo ankati zala zanga zinazolowera khasu.

Ndiye tsiku lina ndinatulukira chinthu mwangozi. Munthu wanga, kamnyamata kowonda ka malaya achikasu, anali atagwetsedwa pakona. Ndinangopanikiza mabatani mwachisawawa chifukwa chopsa mtima, ndipo iye anadzuka n'kuuluka molunjika kumwamba bondo lili patsogolo. Nkhonya ya mnzanga inali itafika kale pankhope pake. Ndinaiona ndi maso angawa. Koma inangodutsa ngati yamenya utsi, vida yanga osachepa ngakhale pang'ono, ndipo amene anagwa anali winayo. Ndinakumbukira mmene zala zinayendera. Kunyumba ndinayeserera pambale, pabondo, ngakhale pabuku la masamu, mpaka chala chachikulu chinadziwa njirayo chokha. Anzanga anautcha mdumphowo fogete, dzina la zija zimaphulika kumwamba pa chaka chatsopano.

Kwa milungu itatu palibe amene anandichotsa pabenchi. Akabwera ndi nkhonya, fogete. Akandigwetsa, ndinkadzuka ndi fogete. Zala za khasu zija palibe anazitchulanso. M'malo mwake kunamveka manong'onong'o akuti Batata anabwera ndi mankhwala a ku Angónia, n'chifukwa chake nkhonya zimamudutsa. Ine sindinatsutse. Ndinayamba kumachita kupukuta chala pachifuwa masewera asanayambe kuti aziopa bwino. Choipa n'chakuti bodza lakelo linandilowa ineyo. Ndinkadziwa kuti ndilibe mphini ngakhale imodzi, komabe ndinayamba kukhulupirira kuti mwa ine muli kanthu kena kosakhudzika, kamene anzangawo alibe.

Pabarakapo panali mwambo wa aposta. A Tiya analetsa kubetcha ndalama, ndiye anyamata ankabetcha zinthu: chipewa, lamba, nthawi zina malaya ovala pathupi. Chinthucho unkachiika pamwamba pa kanema, ndipo chikangofika pamenepo chinalibe mwini mpaka ndewu itatha. Wogonja ankaloledwa kubwezera kamodzi kokha, dzuwa la tsiku lotsatira lisanalowe, koma ankayenera kuika chinthu china cholingana nacho. Nthawiyo ikadutsa, wopambana ankachita nacho zimene akufuna. Lamuloli silinalembedwe paliponse, koma amene walithyola sankapondanso pamenepo.

Lachisanu lina madzulo bambo anafika ndi katoni pamutu, akuyenda ngati mnyamata. Anali atalembedwa ntchito yoyendetsa galimoto ya malasha. M'katonimo munali chisoti cholimba cha kumgodi ndi nsapato zazikulu za ntchito, zachitsulo kumphuno, zimene kwathu timati mabota. Amayi anakhala pansi n'kuyamba kulira, kwinaku akuseka. Bambo anatenga bota limodzi n'kulinunkhiza.

"Lolemba m'mamawa ndikhale pachipata nditavala izi," anatero. "Atiuza kuti wofika wopanda mabota kapena chisoti abwerere, ndipo asavutike kubweranso. Kumbuyo kwanga kwaima anthu ambiri."

Anabwezera zonse m'katoni n'kuikankhira pansi pa bedi. Mawu awowo ndinawamva bwinobwino, sindinganene kuti sindinkadziwa.

Loweruka m'mawa makolo anga anapita kumaliro ku Degue. Ndinakoka katoni ija kuti ndingoona. Nditaona ndinati ndingoyesa. Mabotawo anali aakulu moti ndinafunika kutsendera mapepala kumphuno. Ndinayenda nawo mpaka pakhomo, ndipo kulira kwake pasimenti kunandikomera. Apa ndikanakonda kunamizira Satana, koma Satana analibe nazo ntchito, anali matama anga. Ndinalowetsa patapata m'thumba la kabudula n'kuuyamba wa kubaraka, ndikukoka mapazi ngati ng'ombe ya m'matope.

Ndinapeza Nelito ataima pakhomo. Anali mnyamata wa zaka ngati khumi ndi zisanu ndi ziwiri wa kudera la Mateus Sansão Muthemba, amene ankatsitsa matumba a simenti pasitolo ina ya zomangira. Sankasewera kawirikawiri. Masiku angapo apitawo ndinkamuona ataima pamalo omwewo, manja m'thumba, akungoonerera ine ndikupha anzanga, ndipo ndinkaganiza kuti akusirira. Tsikulo sanayang'ane nkhope yanga. Anayang'ana kumapazi.

"Batata, aposta," anatero, akutulutsa foni yake yoimba nyimbo, imene tonse tinkaisirira. "Foni iyi, mabota akowo."

Panafunika mawu awiri okha: si anga. Koma wina kumbuyo anakuwa kuti Batata wachita mantha, mankhwala asukuluka, ndipo benchi lonse linaseka. Ndinamasula zingwe. Ndikukumbukira kuti nditaika mabotawo pamwamba pa kanema, chithunzi chinagwedera chifukwa cha kulemera kwake.

Nelito anasankha chimunthu chachikulu choyenda pang'onopang'ono, ine n'kuseka chamumtima. Anandigwetsa kamodzi, n'kubwera pafupi ngati akufuna kundimaliza. Ndinaponya fogete. Koma chimunthu chake chinangoima n'kutseka nkhope ndi mikono. Kamnyamata kanga kanauluka kokha, osagunda kanthu, ndipo potsika kanapeza Nelito akukadikira. Theka la vida linapita nthawi imodzi. Ndinati ndalakwitsa batani, ndinachitanso. Zinachitika chimodzimodzi. Ndinachitanso kachitatu, chifukwa china chilichonse sindinkachidziwa. Ndewu yonse inatha msanga kuposa kumwa kapu ya madzi. Nelito anatsitsa mabota, anamanga zingwe zake pamodzi, n'kuwakoleka m'khosi.

Ndinamuthamangira mpaka kumsewu. Matama onse anali atathera pabenchi paja.

"Mano Nelito, achimwene, ndagwira mwendo wanu. Ndi a ababa. Akuyamba nawo ntchito mkuja. Akapanda mabota awabweza pachipata."

"Ine ndakukakamiza, shamwali? Waika wekha." Sanalankhule mwaukali. "Lamulo ukulidziwa. Mawa dzuwa lisanalowe ubwere ndi chinthu china. Ukapanda kubwera, sigunda-fera, mkuja lomwelo, ndikutsitsa nawo simenti."

Ndinabwerera kunyumba. Ndinatola njerwa ziwiri n'kuziika m'katoni pansi pa chisoti, kuti wina akaikankha ndi phazi amve kulemera. Makolo anafika ali otopa ndi maliro, ndipo palibe anasuzumira pansi pa bedi. Koma popempherera chakudya bambo anathokoza Mulungu chifukwa cha ntchito, n'kutchula mabota ndi chisoti mayina ake, ngati ana obadwa kumene. Ndinali ndi mantha amene sindinawamvepo chibadwire. Sanali a lamba ayi. Ndinkaona bambo akubwerera kuzipata zija ndi envulopu yofewa ija, chifukwa cha ine.

Pofika m'mawa wa Lamlungu mutu wanga unali utapeza yankho lopusa. Ndinati Nelito ali ndi chithumwa choposa mwayi wanga, n'chifukwa chake fogete inamukana. Ndinauza amayi kuti m'mimba mukundipweteka, lomwe silinali bodza kwenikweni, ndipo iwo ndi bambo atangonyamuka kupita kutchalitchi ndinathamangira kubaraka. Ndinapeza a Tiya Lurdes akusesa, asanatsegule. Ndinawafotokozera zonse ndikulira mamina ali chuchuchu, ndipo pomaliza ndinawafunsa ngati akudziwa kumene Nelito amatenga mankhwala ake, kapena munthu amene angatsirike komandu.

Anaseka mpaka tsache linagwa. Atayang'ananso nkhope yanga anasiya.

"Khala apo," anatero, akuyatsa kanema.

Kenaka anatenga komandu inayo, chinthu chimene palibe mmodzi wa ife anawaonapo akuchita. Ndinadziwa pambuyo pake kuti m'mawa uliwonse akapukuta makomandu ankasewera okha poyesa mabatani, ndipo anali atatero kwa zaka. Tonsefe tinkawaona ngati mayi wa firiji basi.

"Ponya fogete yakoyo."

Ndinaponya, iwo n'kutulutsa nkhonya nthawi yomweyo. Nkhonya inadutsa.

"Waona? Apo munthu wakoyu sakhudzikadi. Koma si mankhwala, mwana iwe. Amene anapanga jogu iyi, masewerawa, anachita dala. Anam'patsa kanthawi, pongonyamuka pokha, kochepa kuposa kuphethira. Ndipo si wako yekha, ambiri m'menemu ali nako kawo. Ngakhale munthu akagwa, podzuka amam'patsa kanthawi kotere kuti asamangopondedwa pansi mpaka kufa. Pronto, chitanso."

Ndinachitanso. Ulendo uno anatseka nkhope ngati mmene anachitira Nelito.

"Tsopano panikiza batani lililonse limene ukufuna."

Ndinapanikiza onse. Kamnyamata kanga kanali m'malere, ndipo sikankandimvera.

"Akutsika ameneyo. Sangatseke, sangathawe. Ndi thumba la chimanga." Anagogoda benchi ndi chala kamodzi. "Uku n'kusakhudzika kwako." Kenaka anagogoda kambirimbiri, pang'onopang'ono, mpaka munthu wanga atafika pansi. "Uku n'kutsika. Anzako aja amalowa ndi ukali, n'chifukwa chake unkawapha. Nelito waima pakhomo apo masiku angati? Wakuwerenga. Wadziwa kuti ukagwa umachita mantha, ndipo ukachita mantha umadumpha."

Ndinachita manyazi kwambiri, koma pansi pa manyaziwo panayamba kutuluka chiyembekezo. Ndinafunsa kuti ndiye munthu atani.

"Ukagwa, dzuka utatseka. Landira nkhonya ziwiri zitatu pamikono, sizikupha. Fogete ndi ya nthawi imene waona ndi maso kuti nkhonya yanyamuka, osati imene mtima wako wanyamuka."

Tinayeserera pafupifupi ola lathunthu. Zinali zovuta kuposa mmene zikumvekera. Mutu unkamva, koma chala chachikulu chinali ndi nzeru zakezake. Akangondigwetsa, chinkathamangira njira yake yakale, ndipo a Tiya ankachikwapula ndi kansalu kopukutira mabotolo. Pang'ono ndi pang'ono ndinaphunzira kudzuka n'kungoima, nkhonya zikugwa pamikono ngati mvula padenga. Ndinadabwa kuona kuti vida sinkatha. Kenaka anazimitsa kanema n'kunditembenuzira kwa iwo.

"Ndimvere bwino, Calisto." Anali munthu yekhayo pabarakapo amene ankanditchula dzina langa lenileni. "Ndakuonetsa izi kuti usapite kwa asing'anga ndi zopusa zakozo. Sindinakuonetse kuti ukaikenso kanthu pakanema. Pita ukawauze ababa ako akangotuluka m'tchalitchi. Nelito ndilankhula naye, koma si mwana wanga, ndipo sanabe."

Ndinagwedeza mutu movomera, koma ndinali nditamva theka loyamba lokha. Ndikuyenda kupita kunyumba ndinkadziuza kuti tsopano chinsinsi ndachidziwa, Nelito sangandichitenso kanthu. Sindinazindikire kuti anali matenda omwe aja atangovala malaya ena. Kuima pamaso pa bambo n'kunena zimene ndinachita kunkandiopsa kuposa china chilichonse, ndipo ndewu imodzi yokha inkaoneka ngati khomo lothawira. M'nyumba monse munali chinthu chimodzi chokha cholingana ndi mabota. Ndinachotsa chisoti m'katoni, ndinachikulunga m'thumba la ufa, n'kubwerera.

Nelito anafika dzuwa litakwera, mabota ali m'khosi. A Tiya anali kuseri akukazinga nsomba, ndipo ndinaonetsetsa kuti asandione. Nditavundukula chisoti, Nelito anachiyang'ana nthawi yaitali.

"Batata, ichinso n'cha ababa ako? Ganiza bwino, epa."

Anandipatsa mpata wobwerera, ndiyenera kumuchitira umboni pamenepo. Ine ndinaika chisoticho pambali pa mabota n'kukhala pabenchi.

Chigawo choyamba chinayenda monga mmene ndinkalotera. Anandigwetsa, n'kuima kudikira fogete, koma fogete sinabwere. Ndinadzuka nditatseka, ndinamumenya kawiri n'kubwerera m'mbuyo. Ndinamva akupumira m'mwamba pambali panga. Ndinapambana movutikira, anyamata n'kuyamba kumenya malata a baraka. Chigawo chachiwiri Nelito anasintha. Ataona kuti ndikungotseka, anayamba kundigwira n'kundiponya pansi, ndipo kugwira sikutsekeka ndi mikono. Izi a Tiya analibe nthawi yondiphunzitsa. Anapambana iye.

Pachigawo chachitatu manja anga anali atanyowa moti komandu inkaterera. Tinadyana mpaka vida ya aliyense inatsala ngati chikhadabo. Kenaka anandipinga mwendo, ndipo kamnyamata kanga kanagwera pakona. Chimunthu chake chinayamba kubwera, sitepe imodzi, ina. Kumbuyo kwanga ndinamva mawu a a Tiya, amene phokoso linali litawatulutsa kuseri chipande chili m'manja.

"Tseka, mwana iwe! Tseka!"

Ndinkadziwa. Mpaka lero sindinganene kuti ndinaiwala. Koma maso anga anakwera pamwamba pa kanema, ndinaona chisoti ndi mabota, ndipo mantha anandigwira. Nanga akandigwira? Nanga akandiponya? Sindinkafunanso kupambana. Ndinkangofuna kulowa m'kanthawi kaja kamene palibe chingandikhudze, ngakhale kakhale kochepa bwanji. Chala chinapita chokha.

Nelito anali atabwerera kale sitepe imodzi m'mbuyo. Kamnyamata kanga kanauluka mokongola, bondo patsogolo, popanda wokakhudza. Ndinasiya komandu kasanafike pansi, chifukwa panalibe batani loti ndipanikize.

Palibe anaombera m'manja. A Tiya anakalipira Nelito, anakalipira ine, anakalipira benchi lonse. Nelito anangoti, "Ndinamufunsa, tiya, onsewa amva," ndipo anatenga zinthu zonse ziwiri n'kutuluka. Kubwezera kunali kamodzi kokha, ndipo ndinali nditakudya. A Tiya anandikoka phewa n'kundikankhira panja, akuti ndithamange kwathu zinthuzo zisanafike kumsika.

Ndinapeza makolo atangofika kuchokera kutchalitchi, bambo akuvula jekete. Ndinaima pakhomo n'kuyamba kulankhula. Mawu ankatuluka mosokonekera, za fogete, za foni, za Nelito, moti amayi sanamve kanthu mpaka anakoka katoni ija n'kupezamo njerwa ziwiri. Anakhala pansi manja ali kumutu.

"Mayo ine! Mwana uyu watipha. Watipha ndithu!"

Bambo anayang'ana njerwazo. Ndinkadikira lamba, ndipo ndinkalifuna, chifukwa lamba limapweteka n'kutha. Iwo anangovalanso jekete lija.

"Amakhala kuti mnyamatayo?"

Tinayenda mpaka ku Mateus Sansão Muthemba. Tinafunsa nyumba ziwiri zitatu, ndipo tinamupeza Nelito atakhala pansi pa mtengo pabwalo la kwawo, bota limodzi lili kuphazi. Mayi ake ankatsuka mbale chapafupi, ndipo anansi ataona munthu wa jekete akulowa ndi mwana wolira, anayamba kuyandikira mpanda.

Ndinkayembekezera kuti bambo akalipa, kapena atchula apolisi. Anali munthu wamkulu thupi, wa mikono yozolowera chiwongolero, ndipo akanatha kumunyamula Nelito ndi dzanja limodzi. M'malo mwake ananjuta, n'kuomba m'manja kupereka moni kwa mayi aja m'Chinyungwe chawo chothyokathyoka. Kenaka, ali chinjutire, anatembenukira kwa mnyamata woti akanatha kukhala mwana wawo n'kumulankhula ngati munthu wamkulu.

"Mano, za masewera anuwo ine sindizidziwa. Mwana wangayu wandiuza kuti munapambana bwino, simunabe. Sindinabwere ndi mlandu ayi. Ndabwera kudzapempha. Ndakhala chaka ndi theka ndilibe ntchito. Popanda zinthu izi, mawa andibweza pachipata."

Mayi ake a Nelito anamukalipira kuti abweze msanga zinthu za eni ake. Nelito sanasunthe. Anavula bota lija n'kutambasula phazi kuti tonse tione. Linali loyera ndi simenti, long'ambikang'ambika, ndipo pakati pa zala panali zilonda zofiira.

"Ine ndimagwira ntchito ndi mapazi awa, papa," anatero. "Akanapambana iyeyu, foni yanga akanabweza?"

Bambo anatembenuka n'kundiyang'ana koyamba chichokereni kunyumba.

"Calisto, ukanabweza?"

Ndinayang'ana pansi. Sindikanabweza, ndipo tonse atatu tinkadziwa.

"Wanena zoona mnzakoyu," anatero bambo.

Anakhala pansi pafumbi, ndi buluku lawo la kutchalitchi, n'kuyamba kumasula nsapato zimene anavala. Zinali zakuda, zachikopa, zimene anakwatira nazo amayi, ndipo kupatula patapata analibe zina. Anavulanso masokosi, anawapinda n'kuwalowetsa m'kati, kenaka anaziika patsogolo pa Nelito ndi manja awiri.

"Si zachitsulo, koma chikopa chake n'chabwino. Mapazi anuwo apumako."

Mayi aja anakana, anati zimenezo n'zochititsa manyazi pakhomo pawo. Bambo anati ayi, mnyamatayu sanalakwe, asatuluke chimanjamanja. Nelito anatenga mabota ndi chisoti n'kuwapatsa bambo, nayenso ndi manja awiri, osawayang'ana kumaso.

Amene sanakhaleko ku Tete sangamvetse tanthauzo la kuyenda opanda nsapato masana a nyengo imeneyo, mvula isanagwe. Ngakhale agalu sadutsa msewu. Bambo anandisenzetsa katundu uja n'kutsogola.

"Ababa, valani mabota," ndinatero.

"Amenewo ndi a ntchito. Aponda mawa."

"Ndiye tengani patapata zanga."

Anayang'ana timapazi tanga, n'kupitiriza ulendo. "Nyamula bwino chisoticho, chingakalike."

Ankayenda kuchoka pamthunzi wa mpanda kupita pamthunzi wa mtengo, n'kuima pang'ono, n'kuyambanso. Munthu wa jekete ndi tayi, mapazi ali pamtunda. Anthu ankatuluka m'makonde kudzaona. Mayi wina anafunsa ngati aberedwa, iwo n'kuyankha kuti ayi, angosinthana ndi munthu. Titafika pamsewu wa phula panalibenso mthunzi. Anaima, anayang'ana uku ndi uku, kenaka anathamanga akudumphadumpha ndi zala ngati kamwana, jekete likuuluka kumbuyo. Sindinawaonepo bambo anga akuthamanga. Ndinaima pakati pa msewu chisoti chili m'manja n'kulira mokweza, mpaka galimoto inandiimbira belu.

Kunyumba amayi anawaviika mapazi m'beseni. Anali atatuluka matuza kuphazi konse. Lolemba m'mamawa ndinawaona akukulunga mapaziwo ndi zidutswa za chitenje, ndipo polowetsa m'mabota anakukuta mano n'kutseka maso. Anaimirira, anavala chisoti, anatuluka akuyenda mowongoka. Pachipata anawalola kulowa. Miyezi ingapo yotsatira ankapita kutchalitchi atavala mabota omwewo, atawapukuta bwinobwino. Sanandimenye, ndipo nkhaniyo sanaitchulenso mpaka lero.

Masewera aja ndimasewerabe mwa apo ndi apo, ndipo ndikagwa ndimadzuka nditatseka. A Tiya Lurdes ananena zoona: kanthawi kosakhudzika kalipodi, si bodza, ndipo n'kokoma. Ndakamvanso ndili wamkulu, pamene anthu akunditama, ngakhale pamene ndakwiya n'kuona kuti onse akundiopa. Nthawi zonse kamakhala kakafupi, ndipo amene amakathamangira kwambiri amakhala munthu wamantha, ngakhale aoneke wolimba bwanji. Koma pali chimodzi chimene a Tiya sakanatha kundionetsa pakanema paja, chifukwa pakanema amene wadumpha ndi yemweyo amatsika n'kulandira nkhonya zake. Kwathu sizinatero. Amene anadumpha ndinali ine, koma amene anatsikira paphula lotentha anali bambo anga.